Ciwongo ca Zilembo

Munthu wocoka ku Lusaka kulinga kum'mawa pa mseu waukuru wa ku Chipata, asanafike pa boma la Chongwe, amapitirira mphambano ya mseu wopita ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda. Ambiri amaliyesa la Lusaka bwalolo, koma liri m'cigawo ca Chongwe, dziko la makolo la Asoli a kwa Nkomeshya. Nyumba yace yatsopano yofikiramo alendo inatsegulidwa m'caka ca 2021. Inamangidwa ndi kampani ya China Jiangxi, ndi ngongole ya madola 360 miliyoni yocokera ku banki ya ku China. Pa zaka zimene nchitoyo inali m'kati, anthu a midzi yozungulira anazolowera kuona zilembo zacilendo pa makina, pa mabokosi a katundu ndi pa zikwangwani za pa zipata, ndipo ena pocita nthabwala anali kuti ndi mopalasa nkhuku. Sikuti zinali zoyamba kuoneka m'dziko la Zambia ai, pakuti amisiri a njanje ya Tazara anadza nazo pakati pa 1970 ndi 1975. Cimene anthu ocepa amadziwa ndi ici: zilembo zomwezo zikwi zambiri ziri m'kati mwa lamya ya m'manja ya mlimi wa ku Kanakantapa ndi ya mphunzitsi wa ku Chalimbana, ndipo zinandandalikidwa m'menemo motsata dongosolo limene mfumu ina inakhazikitsa m'caka ca 1716.

Kalembedwe ka ku China kasiyana ndi ka Cinyanja pa tsinde peni peni. Mwana wa sukulu akadziwa zilembo zosafika 30 akhoza kulemba mau onse amene amva. Ku China cilembo cimodzi cimaimira liu lathunthu pamodzi ndi tanthauzo lace, kotero kuti wofuna kuwerenga nyuzipepala ayenera kudziwa zilembo ngati 3,000. Tsono bvuto limabuka pofuna kuziika m'buku lomasulira mau. Buku la Cinyanja limayamba ndi A, pambuyo pace B, ndipo wofuna liu adziwa kale kumene ligona. Nanga zilembo zikwi zikwi zopanda A ndi B, ciyambe nciti, citsirize nciti?

Woyamba kumasula mfundo imeneyi anali mphunzi wina dzina lace Xu Shen, amene anatsiriza buku lace lochedwa Shuowen Jiezi ca m'ma 100, ndipo mwana wace anakalipereka kwa mfumu m'caka ca 121. Iye anaona kuti zilembo zambiri n'zolumikiza: mbali yina imasonyeza mtundu wa cinthu, yina imasonyeza kachulidwe. Cilembo ca madzi ndi ici 水. Cikakhala pambali pa cinzace cimafota, nicisanduka timadontho titatu, motere 氵. Timadonthoto tiri pa 河, ndiwo mtsinje, ndi pa 海, ndiyo nyanja yamcere, ndi pa zilembo za misozi, mafuta, kusamba ndi kumira. Ca mtengo ndi 木. Iwiri ikaima pamodzi, 林, ndiyo nkhalango. Munthu akatsamira mtengo, 休, ndiko kupumula. Xu Shen anasonkhanitsa zilembo 9,353, nazigawa m'magulu 540, gulu liri lonse pansi pa cizindikiro cimene zonse za m'gululo zigawana. Eni ace amacicha mutu wa gulu, ndipo Azungu pambuyo pace anacicha muzu.

Mcewa sangabvutike kumva nzeru imeneyi. Mlendo akafika pamudzi, akuru sayamba ndi dzina lace la ubwana. Amafunsa ciwongo cace, ndipo akamva kuti ndi Phiri, kapena Banda, kapena Mwale, adziwa pom'khazika ndi omwe angam'che mbale. Mutu wa cilembo ndiwo ciwongo cace. Ndipo monga kuli a Phiri amene sanakwerepo phiri, kulinso zilembo zobvala timadontho ta madzi zimene tanthauzo lace linacoka kumadzi kale lomwe: cilembo ca lamulo, 法, ndi ca pfuko la madzi, ngakhale woweruza milandu sanyowa naco.

Magulu 540 anali oculuka koposa, ndipo ena mwa iwo anali ndi mutu wokha wopanda mbumba. Papita zaka zoposa 1,500, m'caka ca 1615, Mei Yingzuo anawacepetsa kufikira 214 m'buku lace lochedwa Zihui, naonjezapo nzeru yina imene inapambana yoyambayo: kuwerenga mizere. Cilembo ciri conse cimalembedwa ndi mizere yowerengeka, ndipo ana amaphunzira kuilemba m'ndondomeko yace. Iye anaika mitu ya mzere umodzi patsogolo, ya iwiri pambuyo pace, kufikira wotsiriza wa mizere 17, umene uli cithunzi ca citoliro ca mabango. M'kati mwa gulu namonso zilembo zinatsatana monga mwa kuculuka kwa mizere yotsala.

Dongosolo limeneli likadakhala la mphunzi mmodzi cabe, koma mfumu Kangxi, amene analamulira kuyambira 1661 kufikira 1722, analipatsa mphamvu ya ufumu. M'caka ca 1710 analamula akuru a maphunziro, otsogozedwa ndi Zhang Yushu ndi Chen Tingjing, kuti akonze buku lalikuru la zilembo zonse. Linatha mu 1716, m'masiku amene Undi anali kulamulira Acewa ali ku Mano, ndipo munali zilembo zoposa 47,000 pansi pa mitu 214 yomwe ija ya Mei. Dzina la Mei linazimirira. Kufikira lero mituyo imachedwa ya Kangxi, pakuti nyama ya mlenje imachuka ndi dzina la mwini dziko. Madzi anakhala mutu wa 85, ndi mbumba ya zilembo 1,595. Udzu, mutu wa 140, unaposa yonse ndi zilembo 1,902.

Wofuna cilembo ca mtsinje m'bukumo amayamba wazindikira kuti timadontho titatu tija ndi madzi obisala, napita ku mutu wa 85, nawerenga mizere ya mbali yotsala, napeza kuti ndi 5, nayenda ndi cala pa zilembo zonse za mizere 5 kufikira atacipeza. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthawi zina mutu suoneka msanga, pakuti cilembo cimodzi cikhoza kukhala ndi mbali zitatu zimene iri yonse iyenera kukhala mutu, ndipo akonzi anangosankha imodzi monga kunawakomera. Olemba mabuku omasulira Cinyanja anakomana ndi cobvuta cofanana, pofunsana ngati liu lakuti kugona likhale pa K kapena pa G, ndi ngati munthu ndi anthu akhale pamodzi kapena alekane. Ambiri anasankha tsinde la mneni, nasiya ku- panja.

Mayeso akuru anadza ndi waya. M'caka ca 1871 kampani ya ku Denmark, Great Northern Telegraph, inafikitsa waya wa pansi pa nyanja ku Shanghai. Kagogodedwe ka Morse kanakonzedwera zilembo 26 ndi manambala 10, ndipo panalibe njira yogogodera madzi kapena mtengo. Mzungu wa ku Denmark wopenda nyenyezi, Schjellerup, ndiye anayamba kukonza mndandanda, ndipo Mfalansa wina wa nchito ya padooko ku Shanghai, Septime Viguier, anasindikiza buku lace mu 1872, m'mene zilembo ngati 6,800 zinapatsidwa ciri conse nambala ya malo anai. Sanabvutike kufuna dongosolo latsopano; anatsata mitu ya Kangxi. M'buku limene linakhazikika pambuyo pace mzere umodzi uja ndi 0001, munthu ndi 0086, madzi ndi 3055. Kalaliki wa ku positi anali kusandutsa kalata yonse manambala, mnzace wa kutsidya naibwezera m'zilembo. Mtengo wace unali wowawa. Mngerezi amagogoda kamodzi kokha polemba E, koma nambala iri yonse ya Morse ifuna kugogoda kasanu, motero cilembo cimodzi ca ku China cinali kudya kugogoda 20. Komabe apa ndipo cilembo cinayamba kukhala ndi nambala yaceyace, ndipo manambala amenewa sanafe: pa ziphaso za anthu a ku Hong Kong amalembedwabe pansi pa dzina.

Za makina otaipa sizifuna mau ambiri. Amene anafala ku China anali ndi thireyi ya zitsulo za zilembo ngati 2,500, wotaipa nasaka cimodzi cimodzi. Mlembi wochuka Lin Yutang anapanga ena anzeru mu 1947, osankha cilembo poyang'ana mbali yace ya pamwamba ndi ya pansi. Anamdyera cuma cace, ndipo sanafike pa msika. Ophunzira ena a ku China m'zaka zimenezo anataya mtima, nanena kuti zilembo za makolo zitayidwe kuti dziko lisatsalire.

Kompyuta nayo sidziwa cilembo. Idziwa nambala yokha. Munthu akalemba A, makina amasunga 65, ndipo pofuna kuonetsa amayang'ana m'kaundula kuti 65 ajambulidwa bwanji. Kaundula woyamba kufala, ASCII, anakonzedwa ku America mu 1963, ndipo anali ndi malo 128 okha, okwanira Cingerezi basi. Maiko a kum'mawa anayamba kudzikonzera ao: Japan mu 1978, China mu 1980, ndi zilembo 6,763, zimene 3,755 zofala anaziika monga mwa kachulidwe ndi 3,008 zotsala monga mwa mitu, amalonda a ku Taiwan mu 1984. Popeza ali yense anawerenga mwa yekha, nambala imodzi inali kutanthauza cina ku Tokyo ndi cina ku Beijing, ndipo kalata yotumizidwa bwino inali kufika iri zipsera zosawerengeka.

Akatswiri atatu a makampani a Xerox ndi Apple, ndiwo Joe Becker, Lee Collins ndi Mark Davis, anayamba ca m'ma 1987 kulingalira kaundula mmodzi wa zilembo zonse za dziko lapansi, ndipo bungwe la Unicode linakhazikitsidwa ku California mu 1991. Caka cotsatira analowetsamo zilembo za ku China 20,902. Panali mkangano wosati n'masewera, cifukwa China, Japan, Korea ndi Taiwan amalemba zilembo zina mosiyana pang'ono, ndipo akonzi anagamula kuti zofanana tsinde zilandire nambala imodzi. Ambiri a ku Japan anaona ngati awalanda kalembedwe kao. Panalinso funso lakuti zitsatane motani. Kachulidwe sikakadathandiza, popeza cilembo ca madzi ku Beijing amaciti shui, ku Tokyo mizu kapena sui. Cimene onse anai anagwirizana naco cinali buku la mfumu yakufa kale ija. Motero cilembo coyamba, pa nambala 19,968, ndi mzere umodzi; madzi ali pa 27,700, timadontho tace pa 27,701, ndi mbumba yace yonse pambuyo; cotsiriza ca 20,902 zija ndi ca pfuko la citoliro.

Mitu yeni yeniyo inalandira malo aceace mu 1999. Cifukwa cace cinali cakuti kaundula wa boma la Taiwan anali ataipatula kale, ndipo Unicode inalonjeza kuti colembedwa m'kaundula wakale cikhoza kulowa ndi kuturuka osatayika kanthu. Osindikiza mabuku omasulira mau naonso anafuna kusiyanitsa mutu wa gulu ndi liu wamba. Tsono mitu 214 inaikidwa kuyambira pa 12,032 kufikira pa 12,245, ndi maonekedwe ena 115 a mitu yofota pambali pace. Mutu wa madzi unagwa pa 12,116.

Apa panabadwa mapasa. Madzi a pa 27,700 ndi madzi a pa 12,116 amaoneka cimodzimodzi, ndipo diso la munthu, ngakhale la mphunzi wa ku Beijing, silingawalekanitse. Koma kwa makina ndi alendo osadziwana. Makina ena posunga cikalata amasokoneza, natenga mutu m'malo mwa liu. Cikalata cimaoneka cabwino, cimasindikizika bwino, koma wofufuza liu lakuti madzi m'menemo amauzidwa kuti mulibe, ngakhale aliona ndi maso ace. Ku Japan anthu a m'maofesi adandaula naco cinthu cimeneci zaka zambiri. Eni kaundula analemba kuti wa 12,116 ndi mthunzi cabe wa 27,700, ndi kuti posanthula makina aziyamba abweza mthunzi kwa mwini wace. Koma amisiri ena amatsata langizolo, ena ai. Sikulakwa kunena kuti akonziwo, pofuna kukondweretsa kaundula ali yense wakale, anasiyira msampha anthu wamba amene sanamvepo za Kangxi.

Kukhala ndi manambala awiri ndi tsoka laling'ono polinganiza ndi kusowa nambala konse. M'caka ca 2023 nyuzipepala za ku China zinasimba za anthu a mtundu wa Lisu a m'cigawo ca Yunnan, amene ciwongo cao ndi mbalame, ndipo cimachulidwa nia. Cilembo cace cinali ca mbali ziwiri zosanjikiza, yina pamwamba pa inzace. Pamene boma linayamba kulemba ziphaso ndi makina, cilemboco sicinapezeke, ndipo wopanda dzina m'makina sakhoza kusunga ndalama ku banki kapena kugula tikiti ya sitima. Anthuwo anatenga cilembo cimene mbali zomwezo zimakhala moyandikana, ndipo cimeneco citanthauza bakha. Pfuko la mbalame linasanduka la bakha pa mapepala onse a boma, ana nabadwira m'dzina limenelo. Caka comweco China inayamba kugwiritsa nchito kaundula wokuzidwa wa zilembo 87,887, makamaka cifukwa ca maina a anthu ndi a midzi.

Cigawo ca Chongwe cidziwa nkhani ya zilembo kuyambira kale. Ku Kasisi, Bambo Julius Torrend wa cipani ca Ajezuiti anamanga misyoni mu 1905, atasindikiza kale mu 1891 buku lalikuru lolinganiza zinenero za Abantu. Ku Chalimbana, kumene Jeanes School inakhazikitsidwa mu 1939, kunacokera mibadwo ya aphunzitsi amene anagwira dzanja la ana a dziko lonse polemba A woyamba. Iwo anaphunzitsa zilembo za Aroma, zimene sizinasulidwire pakamwa pa Mcewa kapena Msoli, ndipo pamene zinaperewera anthu anazipacika tizizindikiro. Ndi tizizindikiro timeneto tabvutika m'makina.

Koyamba ndi kacipewa ka pa ŵ, kosonyeza liu lofewa la milomo limene akuru ena amachula m'mau monga Malaŵi ndi Ciceŵa. Makina otaipa a Cingerezi analibe, ndipo kalaliki wosamala anali kukaonjeza ndi colembera, waulesi nangokasiya. M'kaundula wa Unicode ŵ ali pa 373 ndi Ŵ pa 372, koma cinenero cochulidwa pambali pace ndi ca ku Wales, kumene cilembo comweco cimaimira liu lina. Cinyanja cinangokwera nao ngolo ya eni. Nayenso ali ndi mapasa ace, pakuti akhoza kulembedwa ndi 373 yekha, kapena ndi w wamba wa pa 119 wotsatidwa ndi kacipewa koyenda kokha ka pa 770. Kukhala ndi nambala sikunam'pulumutse kweni kweni. Pa lamya zambiri afuna kusakidwa, anthu ali pa liwiro, ndipo ana ambiri akula osamva kusiyana kwa w ndi ŵ ngakhale m'kamwa mwa makolo ao.

Kaciwiri ndi nkhodolero ya mu ng'ombe, ng'oma ndi pang'ono. M'Cingerezi kameneka ndi kacizindikiro ka kalembedwe cabe, koma m'Cinyanja ndi ciwalo ca liu: kakacoka, ng'oma ya gule isanduka ngoma, nyama ya m'thengo. David Clement Scott anakaika pa cikuto peni peni pa buku lace lomasulira Cimang'anja la 1892. Makina ali nato titatu tofanana: koongoka ka pa 39, kopindika ka pa 8,217, ndi kena ka pa 700 kamene kanakonzedwera zinenero zimene nkhodolero iri cilembo. Lamya yina imaika koyamba, kompyuta imakasandutsa kaciwiri mwini wace osafunsidwa, ndipo kacitatu, kamene kayenera Cinyanja koposa, pafupi fupi palibe amene akagwiritsa nchito. Makina ena akaona nkhodolero amayesa kuti liu latha, nadula ng'ombe pakati, ng kwina, ombe kwina. Mwini dzina la Ng'andu kapena Ng'oma akhoza kulembedwa njira zinai m'mabuku anai, yacinai iri yopanda nkhodolero konse, pakuti pali makina olembera maina amene amakana kacizindikiro kali konse.

Caka comwe ca 1999 cimene mitu ya Kangxi inalowa m'kaundula, munalowanso zilembo za ku Ethiopia. Za N'Ko za ku Guinea zinatsata mu 2006, za Vai za ku Liberia mu 2008, za Adlam za Afulani mu 2016. Palibe zimene zinalowa zokha. Zonse zinafuna anthu osonkhanitsa mabuku ndi makalata osonyeza kuti zilembozo zigwiradi nchito, olemba pempho, ndi oyankha mafunso a makomiti zaka zingapo. Nolence Mwangwego wa ku Malawi, amene anabadwira ku Zambia mu 1951, anayamba mu 1979 kupanga zilembo zacezace za zinenero za Malawi, zoimira phatikizo lathunthu m'malo mwa liu limodzi limodzi, naziulutsa poyera mu 1997. M'kaundula wa Unicode wa caka ca 2024, m'mene munali zilembo za ku China zoposa 97,000, za Mwangwego zinali zisanapatsidwe nambala, ndipo ophunzira ace pofuna kulemberana pa lamya anali kujambula pepala ndi kutumiza cithunzi.